Makiyi Atatu a Bokosi la ku Georgia

Kwathu kuno munthu amatha kudzuka ali nduna n'kukagona ali munthu wamba. Chikalata chimodzi chochokera ku nyumba ya boma chikangowerengedwa pa wailesi madzulo, m'mawa galimoto ya mbendera yatengedwa, wapolisi wa pageti wasamuka. Palibe amadabwa, poti wokupatsa mpando ndi yemweyo wokulanda. N'chifukwa chake za ku Georgia, chimodzi mwa zigawo 50 za dziko la America (tisasokoneze ndi dziko lija loyandikana ndi Russia), zimamveka zachilendo m'khutu la Mmalawi. Bwanamkubwa wa kumeneko amalamula anthu pafupifupi 11 miliyoni, koma sangachotse ntchito loya wamkulu wa boma lake. Sangachotse mkulu wa zaulimi, sangachotse mkulu wa sukulu, ngakhale wachiwiri wake weniweniyo sangamukhudze. Si iye anawalemba. Aliyense wa iwo anayenda yekha kukapempha mavoti, dzina lake lili pamzere wakewake pa pepala lovotera, ndipo pokhapokha atapalamula mlandu waukulu, omuchotsa ndi ovota omwewo zaka zinayi zikatha.

Aliyense amene anakhalapo pamphasa ya banki mkhonde dongosolo limeneli amalidziwa kale, kungoti sanalionepo litavala suti. Bokosi lachitsulo limene limaikidwa pakati tsiku la msonkhano lili ndi maloko atatu. Amene amagona nalo kunyumba kwake alibe kiyi ngakhale mmodzi. Makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo mmodzi akapita kumaliro bokosi silitseguka. Mlembi ali ndi kaundula wake, ndiye amadinda masheya m'timabuku ta mamembala. Owerenga ndalama awiri amaziyala pansalu poyera n'kutchula mokweza kuti wakumbuyo amve. Wapampando amatsegula msonkhano, amaletsa phokoso, amalamula chindapusa kwa wochedwa, koma si iye anasankha mlembi kapena msungichuma, ndipo sangauze wosunga kiyi kuti, "Amayi, bweretsani kiyiyo, kuyambira lero azisunga achemwali anga." Onsewa anawasankha ndi gulu, mmodzimmodzi. Amene anakonza zimenezi sankanyoza wapampando ayi. Ankangodziwa kuti atambwali sametana, ndiponso kuti munthu wokhulupirika wa chaka chino sitidziwa mmene ngongole idzamufinyire chaka chamawa.

Ku Georgia tsiku losankha komiti yotereyi limabwera kamodzi pa zaka zinayi, ndipo limagwa pakatikati pa teremu ya pulezidenti wa dziko. Pulezidenti amasankhidwa m'zaka monga 2016, 2020 ndi 2024. Zikadutsa zaka ziwiri anthu amabwereranso kumalo ovotera, monga mu 2018 ndi 2022, ndipo chimenechi ndiye chisankho chapakati. Tsiku lake n'lodziwikiratu: Lachiwiri lotsatira Lolemba loyamba la Novembala. Atolankhani akunja maso awo amakhala pa aphungu opita ku Washington, chifukwa tsikulo anthu amalimbirana mipando yonse 435 ya nyumba ya aphungu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando 100 ya Seneti, ndipo nthawi zambiri chipani cha pulezidenti chimabwerako chikutsimphina. Koma tsiku lomwelo zigawo 36 zimasankha abwanamkubwa awo, ndipo zambiri mwa izo zimasankhanso akuluakulu ena oyendetsa boma la chigawo. Zigawo zina zinachita kusamutsira dala chisankho chawo ku zaka zimenezi. Florida inatero m'ma 1960, Illinois m'ma 1970: bwanamkubwa mmodzi anangopatsidwa zaka ziwiri kuti kalendala isunthe, cholinga chili chakuti nkhani za pakhomo zisamamire m'phokoso la kampeni ya pulezidenti.

Wovota wa ku Savannah kapena ku Macon akafika pamalo ovotera amaonetsa chiphaso chokhala ndi chithunzi chake, n'kupatsidwa kakhadi kolowetsa m'makina. Pagalasi la makinawo pamatuluka maudindo motsatizana, iye n'kumadina dzina limodzi pa udindo uliwonse. Akamaliza makina amasindikiza pepala loonetsa zimene wasankha, iye amakaliponya yekha m'makina ena owerenga, ndipo potuluka amalandira kapepala komata pachifuwa kojambulidwa pichesi, chipatso chimene chigawochi chimanyadira. Ife tinazolowera mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Mnzathuyu, kuwonjezera pa aphungu a ku Washington ndi a ku Atlanta, likulu la chigawo, amayenera kusankha anthu 8 oyendetsa boma: bwanamkubwa, wachiwiri wake, mlembi wamkulu wa chigawo, loya wamkulu, mkulu wa zaulimi, wa inshuwalansi, wa zantchito ndi wa sukulu za boma. Kumunsi kwake kulinso maudindo a m'boma laling'ono limene iye amakhala (Georgia ili ndi maboma otere 159) ndi mafunso okhudza kusintha malamulo. Pofika kumeneko chala chimakhala chitatopa, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti mayina akudinawo eni ake ndi otani.

Komatu a kumunsiwo ndi amene munthu amakumana ndi ntchito zawo tsiku ndi tsiku. Titenge mkulu wa zaulimi. Pafupifupi theka la mtedza wonse wa ku America umalimidwa ku Georgia, nkhuku zanyama ndi thonje n'zosayamba, ndiye udindowu si wamasewera. Koma ntchito yake sithera kumunda. Pa pampu ya petulo pamamatidwa kapepala kosonyeza kuti anyamata ake anafika kudzayeza ngati galoni imene pampuyo ikuwerenga ili galoni yeniyeni. Sikelo ya m'golosale ndi ya m'butchala oyeza ndi omwewo. Amene anagulitsapo chimanga kwa venda wa sikelo yobera safunika kumufotokozera chifukwa chimene anthu anafunira kuti woyang'anira masikelo azimusankha okha. Kulinso anyezi wotsekemera wa Vidalia, amene lamulo la 1986 limati angagulitsidwe ndi dzinali pokhapokha atalimidwa m'dera la maboma 20 a kummwera kwa chigawochi. Chaka chilichonse mkulu wa zaulimi ndiye amalengeza tsiku la mu Epulo loyambira kulongedza anyeziyu, kuopa kuti wothamangira msika ndi anyezi wosakhwima angaipitse dzina la alimi onse. Mlimi wina wamkulu anakasuma kukhoti kuti lamuloli likumuphera malonda, koma pamapeto pake anagonja. Tommy Irvin anakhala pampando umenewu kuyambira 1969 mpaka Januwale 2011, zaka zoposa 40, abwanamkubwa akubwera n'kumapita iye ali pompo.

Wa inshuwalansi amayang'anira makampani a inshuwalansi ya galimoto ndi ya nyumba, komanso ndiye mkulu woona kuti nyumba zikuluzikulu n'zotetezeka ku moto. Wa zantchito amagawa ndalama zothandiza amene ntchito yawathera; ambiri anayamba kufunsa dzina lake mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka makampani, iwo akudikira thandizo milungu ndi milungu.

Kugawa makiyi kotereku kunabadwa ndi mantha. Anthu a m'zigawo zoyamba za America anatopa ndi abwanamkubwa otumizidwa ndi mfumu ya ku Britain, ndiye atalanda ufulu anaonetsetsa kuti wolowa m'malo mwawo akhale womangika manja. Malamulo a Georgia a 1777 ankati bwanamkubwa azisankhidwa ndi aphungu ndipo azikhala chaka chimodzi chokha. Ovota, kutanthauza amuna achizungu okha panthawiyo, anayamba kumusankha okha mu 1825, ndipo m'zaka zotsatira maganizo akuti udindo uliwonse wofunika uzidzera m'manja mwa ovota anafala m'zigawo zambiri. Mpaka lero zigawo 43 zimasankha loya wamkulu pavoti. Si zonse zinatsata njirayi. Ku Maine, mwa oyendetsa boma, bwanamkubwa yekha ndiye amavoteredwa ndi chigawo chonse. Ku New Jersey loya wamkulu amachita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Ndipo ku Washington pulezidenti amasankha nduna zake monga zilili kwathu. Koma ku Georgia ngakhale mphamvu yokhululukira akaidi anamulanda bwanamkubwa mu 1943 n'kuipereka ku bungwe lapadera.

Zotsatira zake nthawi zina zimaseketsa. Mu 1970 ovota anasankha Jimmy Carter, mlimi wa mtedza wa ku Plains, kukhala bwanamkubwa, ndipo tsiku lomwelo anasankha Lester Maddox kukhala wachiwiri wake. Maddox anali bwanamkubwa wotuluka amene malamulo a nthawiyo sankamulola kuimanso. Anatchuka mu 1964 pothamangitsa anthu akuda pa lesitilanti yake ku Atlanta, iye mfuti ili m'manja, omutsatira atagwira mipini ya nkhwangwa. Carter polumbira mu Januwale 1971 analengeza kuti nthawi yosankhana khungu yatha. Onse anali a chipani chimodzi cha Democratic, koma zaka zinayi zonse zinathera kukokanakokana, ndipo popeza wachiwiri ndiye amatsogolera zokambirana mu Seneti ya chigawo, Maddox anali ndi potchingira mabilu a Carter. Panalibe chimene Carter akanamuchita. Ifenso tinaonapo pulezidenti ndi wachiwiri wake osamwerana madzi, koma athu amanyamuka ali pa tikiti imodzi n'kudzayambana panjira. A ku Georgia amatha kulowa m'nyumba imodzi asanagwirizanepo kalikonse.

Malokowo anayesedwa pamaso pa oweruza mu 2003. Sonny Perdue anali atangolowa monga bwanamkubwa woyamba wa chipani cha Republican patatha zaka pafupifupi 130, koma ovota omwewo anasiya loya wamkulu, Thurbert Baker wa Democratic, pampando wake. Panali apilo yokhudza malire a madera a aphungu imene boma lapitalo linakatula ku khoti lalikulu la ku Washington. Perdue analamula Baker kuti aichotse. Baker anakana. Bwanamkubwa anasumira loya wa boma lake lomwe, ndipo khoti lalikulu la Georgia linagamula mokomera Baker. Mu 2010 awiriwa anasemphananso: Perdue ankafuna kuti Georgia isumire boma la Barack Obama pa lamulo latsopano la inshuwalansi ya zaumoyo, Baker n'kunena kuti mlanduwo ulibe maziko ndipo ungosakaza ndalama za misonkho, moti bwanamkubwa anachita kukafuna loya wina wapadera.

Koma kiyi amene dziko lonse lapansi linadzamudziwa ndi wa mlembi wamkulu. Masiku wamba ofesi yake ndi yogonetsa tulo: kulembetsa makampani, kupereka ziphaso kwa anamwino, ometa tsitsi ndi okonza mapaipi, kusunga kaundula wa ovota. Chonsecho ndi iye amene amayang'anira zisankho ndi kutsimikiza zotsatira zake. Mu 2018 mpandowu unapita kwa Brad Raffensperger wa Republican, injiniya wolankhula mofatsa amene anthu ambiri sankamudziwa nkhope. Patatha zaka ziwiri Joe Biden anapambana Donald Trump ku Georgia ndi mavoti 11,779 pa mavoti pafupifupi 5 miliyoni. Mavotiwo anawerengedwa katatu, ulendo umodzi pamanja pepala ndi pepala, ndipo wopambana sanasinthe. Pa 2 Januwale 2021 Trump, akadali pulezidenti, anaimbira foni Raffensperger, analankhula pafupifupi ola lathunthu, akumupempha kuti apeze mavoti 11,780, voti imodzi pamwamba pa kusiyana kuja. Raffensperger, amene iye mwini anavotera Trump, anayankha kuti ziwerengero zimene pulezidentiyo anali nazo zinali zolakwika. Mawuwo anajambulidwa, ndipo mawa lake anali pa wailesi iliyonse.

Pulezidenti wa America, ndi asilikali ake onse, analibe njira yochotsera ntchito mlembi wa chigawo. Bwanamkubwa Brian Kemp analibenso, ndipo iyenso anakana kuitanitsa aphungu kuti agubuduze zotsatira. Wosunga kiyi amene anachita kupatsidwa kiyiyo ndi wapampando, akauzidwa usiku kuti titsegule pang'ono tidzabweza mawa, amayamba waganiza za nsima ya ana ake. Amene anapatsidwa ndi gulu amaganiza za maso a gulu tsiku la msonkhano. Sindikunena kuti voti imasandutsa wamantha kukhala wolimba mtima. Raffensperger ndi mkazi wake analandira mauthenga owaopseza kuti aphedwa, ndipo wina pamalo pakepo akanafooka. Chimene dongosolo linamupatsa ndi malo oponda akamakana.

Gulu linapereka yankho lake pa chisankho chapakati chotsatira. M'chipulula cha Republican cha pa 24 Meyi 2022 Trump anaimika anthu ake kuti agwetse amene anamukana. Kwa Kemp anatumiza David Perdue, wachibale wa Sonny uja, amene anangotola mavoti 22 pa 100 alionse, Kemp 74. Kwa Raffensperger anatumiza phungu Jody Hice, amene anapeza 33, Raffensperger 52. Loya wamkulu Chris Carr ndi wa inshuwalansi John King nawonso anagonjetsa owatumizidwira. Koma pa udindo wa wachiwiri ovota omwewo anatenga Burt Jones, munthu wa Trump. Pa 8 Novembala Kemp anapambana Stacey Abrams wa Democratic, 53 kwa 46, Raffensperger n'kusiya mnzake patali koposa apo. Tsiku lomwelo woimira Republican pa mpando wa Seneti ya ku Washington, Herschel Walker, katswiri wakale wa mpira wa ku America, anapeza mavoti ochepera a Kemp ndi pafupifupi 200,000, ndipo anadzagonja kwa m'busa Raphael Warnock. Anthu zikwizikwi anadina Republican pamzere uwu, pamzere winawo n'kudina wa chipani china kapena kungodumpha. Pepala lalitali lija limalola zimenezi.

Ndisakometse mopitirira. Bokosi la banki mkhonde limatetezeka chifukwa anthu okhala pamphasawo amadziwana mpaka kukhitchini. Amadziwa amene mwamuna wake amamwa, amadziwa amene anavuta kubweza ngongole chaka chatha, ndipo sangapereke makiyi awiri kwa munthu ndi mlamu wake. Wovota wa ku Georgia mkulu wa zantchito samudziwa. Chimene amaona ndi dzina la chipani pambali pa dzina la munthu, ndi chizindikiro chosonyeza amene ali kale pampando. Mapeto ake, kuyambira chisankho cha 2010 mipando yonse 8 yakhala ikupita ku Republican, monga mmene kwa zaka zambirimbiri m'mbuyomo yonse inkapitira ku Democratic. Maloko akadali atatu, koma makiyi onse ali m'banja limodzi, ndipo chitetezo chimatsamira poti kodi m'banjamo muli wina wotha kukaniza mbale wake.

Kuvotera munthu wosamudziwa kunawagwetsapo m'mbuna. Mu Novembala 2018 anasankha Jim Beck kukhala mkulu wa inshuwalansi. Analumbira mu Januwale 2019, pofika Meyi anali atamutsegulira mlandu woba madola oposa 2 miliyoni ku bungwe la inshuwalansi limene ankaliyendetsa asanalowe pampandowo. Anaimitsidwa ntchito, koma popeza anali wosankhidwa ndi anthu, malipiro ake anapitirira kulowa kwa zaka ziwiri, mpaka khoti linamupeza wolakwa mu 2021 n'kumulamula kukakhala kundende zaka zoposa 7. Maloko omwe aja oteteza munthu wokana zoipa anatetezanso thumba la wakuba. Ovota anachita kusintha malamulo oyendetsera chigawo pa chisankho cha 2022 kuti woimitsidwa pa mlandu wotere asamalandire kanthu.

Palinso khomo lakuseri. Mpando ukasowa mwini pakati pa teremu, bwanamkubwa ndiye amaikapo munthu, ndipo woikidwayo amafika pa chisankho dzina lake litadziwika kale. Irvin wa zaka 40 uja analowa choncho, Baker choncho mu 1997, Kemp anayamba ulembi wamkulu choncho mu 2010, Carr mu 2016, King mu 2019. Bajeti nayo imayambira pa desiki ya bwanamkubwa, ndipo ali ndi mphamvu yofufuta mzere wa ndalama umene sakuufuna, kotero mkulu wa nthambi amene wadana naye akhoza kutsala ndi mpando wopanda mafuta a galimoto. Aphungu nawo amatha kusintha maloko. Mu 2003 Seneti ya chigawo inalanda mphamvu zambiri kwa Mark Taylor wa Democratic, amene anali wachiwiri m'nthawi ya Sonny Perdue. Mu 2021 aphungu anachotsa Raffensperger pa upampando wa bungwe loona zachisankho m'chigawomo, pasanathe miyezi itatu chikanireni foni ija.

Chilema chachikulu, kwa ine, n'chakuti woyang'anira chisankho amakhala wa chipani, ndipo amatha kupikisana nawo pa chisankho chimene akuyang'aniracho. Mu 2018 Kemp anaimira ubwanamkubwa akadali mlembi wamkulu. Kutatsala mwezi umodzi kunamveka kuti mafomu olembetsera a anthu pafupifupi 53,000, ambiri mwa iwo akuda, anali ataimikidwa, ambiri chifukwa chilembo kapena kamzere m'dzina sikanafanane ndi zolembedwa m'makaundula ena a boma. Ofesi yake inati anthuwo akhoza kuvota ndithu akaonetsa chiphaso. Jimmy Carter, ali gogo wa zaka 94, anamulembera kalata yomupempha kuti atule pansi ulembiwo. Kemp anautula patatha masiku awiri chisankho chitachitika, atapambana Abrams ndi mavoti osakwana 55,000. Bungwe limene Abrams anayambitsa linakasuma, ndipo mu 2022 khoti linagamula kuti pa zimene linadandaulazo malamulo sanaphwanyidwe. Ngakhale zili choncho, palibe banki mkhonde ingalole kuti wolimbirana nawo upampando akhale yemweyo wowerenga manja okwezedwa. Pamenepa ife, ndi bungwe lathu lachisankho lotsogozedwa ndi woweruza milandu, tilibe chowasirira.

Ndiye pali nkhani ya obwera. Tsiku logawana ndalama ngakhale wa malungo amadzikoka n'kufika. Tsiku losankha komiti ena amangotumiza mwana kudzanena kuti ali kudimba. Ku America chisankho cha pulezidenti cha 2020 chinakoka anthu awiri mwa atatu alionse oyenera kuvota. Chapakati cha 2014 chinakoka ongopitirira pang'ono mmodzi mwa atatu, cha 2018 pafupifupi theka, ndipo theka limenelo linali lisanaonekepo pa chisankho chapakati kwa zaka 100. Ku Georgia anavota pafupifupi 5 miliyoni mu 2020, koma mu 2022 sanakwane 4 miliyoni, ngakhale kuti malo ovotera amatsegulidwa milungu itatu tsiku lenileni lisanafike. Osowawo kawirikawiri amakhala achinyamata, ndiye komiti amaisankha ndi achikulire.

Georgia ilinso ndi lamulo limene Amalawi tinalidziwa bwino kuyambira pa chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020: wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Zigawo zambiri za America sizitero, wotsogola ndiye watenga. Ku Georgia onse akalephera, awiri apamwamba amabwereza, masiku ano patatha milungu inayi. Kwathu lamuloli tinalilandira ndi manja awiri. Kumeneko mbiri yake ili ndi litsiro, chifukwa phungu amene analilimbikitsa m'ma 1960, Denmark Groover, anali watsankho, ndipo ankafuna kuti azungu akagawikana pa ulendo woyamba adzagwirizane pa wachiwiri n'kugonjetsa amene anthu akuda amufuna. Chisankho cha bwanamkubwa cha 1966 chinathera kwina: Howard Callaway wa Republican anatsogola ndi mavoti ochepa koma sanafike theka, malamulo a nthawiyo anapereka nkhaniyo kwa aphungu, ndipo aphunguwo, ochuluka zedi a Democratic, anatenga Maddox uja amene anali wachiwiri pa mavoti. Pa chibwereza anthu amachepa kwambiri. Raffensperger mu Novembala 2018 sanafike theka la mavoti pafupifupi 3.9 miliyoni, ndiye anabwereza ndi John Barrow pa 4 Disembala, ndipo anabwera osakwana 1.5 miliyoni. Munthu amene anadzayankha foni ya pulezidenti anasankhidwa tsiku limene ovota oposa theka la a mu Novembala anakhala pakhomo.

Kemp sangaimenso mu 2026, poti malamulo amalola materemu awiri okha otsatizana. Pofika kumapeto kwa 2025, Carr, Jones ndi Raffensperger, atatu onse a m'komiti imodzi, anali atalengeza kuti akufuna mpando wake. Ku Democratic kunali Keisha Lance Bottoms, meya wakale wa Atlanta, ndi Geoff Duncan, amene anali wachiwiri wa Kemp pa teremu yoyamba asanasamuke chipani. Popeza munthu sangaime pa mizere iwiri, mipando ya loya wamkulu, wachiwiri ndi mlembi wamkulu ikufuna eni atsopano pa pepala la pa 3 Novembala 2026, ndipo amene adzatenge ulembiwo ndiye adzayang'anire kuwerenga mavoti a pulezidenti ku Georgia mu 2028.